Galu wa kwathu kuno: kuchoka ku uzimba kufika kudzala

Abale anga a kumudzi ndi inu muli m'tauni, lero ndisiye kaye za kachewere ndi feteleza, tikambe za agalu. Wina aziti mdalayu nkhani zamuthera. Ayi ndithu, nkhani ya galu ndi nkhani ya moyo wa ana athu.

Kale m'mapiri a Dedza muno galu anali wantchito. Chilimwe, tchire likapsa, amuna ankapita ku uzimba ndi mikondo, zibonga ndi agalu kukasaka akalulu, agwape ndi nguluwe. Galu ankalandira gawo lake: matumbo ndi mafupa. Chimanga chikayamba kukhwima, yemweyo ankapirikitsa anyani kumunda. Mwana wagalu sunkangomutola panjira. Unkakapempha kwa mlenje amene galu wake ndi wodziwika, n'kusiya nkhuku yothokoza. Galu aliyense anali ndi mwini, dzina ndi ntchito.

Zinthu zidayamba kusintha nthawi ya atsamunda. Mu 1924 adatseka nkhalango ya Chongoni kuti ikhale yaboma, ndipo malamulo oletsa kusaka adabwera. Kenako anthu tidachuluka, minda idakwera mapiri, nyama zidatha. Ntchito ya galu idachepa, koma kubereka sikudachepe. Tawerengani nokha: galu wamkazi amatha kutenga bere asanakwane chaka, bere lake ndi la masiku ngati 63, amaswa ana asanu kapena kuposa, nthawi zina kawiri pachaka. Nanga madeya odyetsa onsewo achoka kuti, pomwe nkhumba nazo zikudikira?

Achikulire mukukumbuka za nthawi ya Kamuzu. Chiwewe chikabuka, boma linkalengeza kuti aliyense amange galu wake ndi kukamubayitsa katemera, ndipo wopezeka akuyendayenda ankawomberedwa ndi mfuti. Mudzi unkakhala zii kwa miyezi ingapo, kenako agalu n'kudzazanso. Kupha sikudathetse vuto, chifukwa otsalawo ankangoberekana.

Matipate ambiri atabwera mu 1994, m'matauni mipanda ya njerwa idachuluka chifukwa choopa akuba, ndipo aliyense ankafuna galu wachizungu wolusa. Galu adasanduka geni. Pitani ku Lilongwe muone anyamata atanyamula tiana m'mbali mwa msewu, tina tisanasiye n'kuyamwa komwe. Ogula amafuna tamphongo. Tatikazi tikatsala timakatayidwa kudzala, kumtsinje kapena pamsika. Topulumuka ndi agalu omwe mumawaona pa Chimbiya, pa Bembeke ndi pa Lizulu aja: nthiti zili mbee, opanda mwini, opanda katemera.

Apa ndi pomwe pali imfa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ndipo pafupifupi onsewo matendawa amawatenga kwa agalu. Ambiri mwa olumidwa ndi ana, chifukwa mwana akaona kagalu amakanyamula. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, palibenso mankhwala.

Koma njira idapezeka. Ku Blantyre, mu 2015, bungwe la Mission Rabies lidabaya katemera agalu oposa 35,000, cholinga chili chofikira agalu 70 mwa 100 alionse, poti pamenepo matendawa amasiya kufala. Ku Lilongwe kuli LSPCA, yomwe idayamba mu 2008, imabaya katemera komanso kutseka agalu kuti asabereke.

Vuto lathu ndi mtengo. Kuthena galu wamphongo n'kosavuta kwenikweni, koma wamkazi ndi opaleshoni: amamugoneka ndi mankhwala, n'kuchotsa chiberekero, n'kusoka. Pamafunika dokotala wa ziweto weniweni, ndipo madokotalawo m'dziko muno ndi ochepa, ambiri ali m'mizinda. Muwonjezerepo ulendo wa makilomita oposa 80 kuchoka pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe, komanso minibasi yomwe singalole galu. Mlimi amene akusaka ndalama ya thumba la feteleza sangathe yekha.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Mutu umodzi susenza denga. Kudzera mwa amfumu ndi alangizi a ziweto, tiwerenge agalu aakazi a m'midzi yathu, tisonkhe, tipemphe kuti dokotala abwere tsiku limodzi kudzatseka ambiri. Wamkazi akakhala pa nyengo yofuna amphongo, timutsekere m'khola masabata atatu. Inu a m'tauni, musamatibweretsere agalu amene akukanikani kusunga. M'malo mwake thandizani pa chosonkhacho. Katemera akalengezedwa, makamaka cha pa 28 Seputembala, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, tipite nawo onse.

Mwana akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Musatayitse nthawi ndi kupaka ubweya wotentha pabala.

Makolo athu ankasunga galu yemwe angathe kumudyetsa. Ife bwanji? Tiuzane m'munsimu, kwanuko mukuchita bwanji.