Khutu Lidatsogola, Makina Adadza Pambuyo

Achinyamata akwathu ku Kachebere, m'malire a Mchinji ndi Zambia, ambiri amaganiza kuti luso losanganiza mawu pa makina lidabwera ndi kompyuta. Ine ndimatsutsa. Mbiri ikuonetsa kuti opeka nyimbo zachilendo ankayamba ndi kumvetsera.

M'chaka cha 1944, mnyamata wa ku Egypt, Halim El-Dabh, adabwereka makina ojambulira mawu pa waya ku nyumba ya wailesi ku Cairo. Adajambula amayi akuimba pa mwambo wa mizimu wotchedwa zaar, kenaka adasintha mawuwo ndi makina mpaka adamveka ngati akuchokera m'phanga. Izi zidachitika zaka zinayi Pierre Schaeffer asadatchuke ku Paris mu 1948 ndi nyimbo zolumikiza mawu ojambulidwa. Choncho Afirika sadali mlendo pa ntchitoyi.

Kwathu kuno makina adafika m'njira ina. Seminale ya Kachebere itatsegulidwa mu 1939, padapita zaka 10 kuti kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya kayambe kugulitsidwa, mu 1949. Kankagwira nyumba ya mphepo ya ku Lusaka, yomwe inkaulutsanso m'Chinyanja, ndipo ankamvekapo ndi oimba ngati Alick Nkhata. Mphepo sidziwa malire. Mnyamata womva gitala m'kabokosiko sakadatha kugula yake, tsono ankatola chigubu, thabwa ndi waya n'kupanga banjo, n'kumakunga zingwe mpaka khutu litavomereza.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka. Iwo adamva nyimbo za kwela banja lawo lili ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, koma sadangotengera. Daniel ankaimba gitala ya zingwe zisanu m'malo mwa zisanu ndi chimodzi, ndipo ankaikunga m'njira zakezake. Donald ankalowetsa chitoliro m'kamwa mopendeketsa kuti chitulutse mawu onenepa omwe ochipanga ku fakitale sadawaganizire. Gerhard Kubik wa ku Austria adawapeza ku Blantyre mu 1967 ndipo adayamba kuwajambula.

Kubik yemweyu adafotokoza chinthu chozizwitsa chomwe adachiona m'nyimbo zambiri za mu Afirika muno. Zala zikamathamanga pa mangolongondo kapena pa gitala, womvera amamva tinyimbo tina tosiyana ndi zomwe dzanja lililonse likuimba. Khutu ndilo limatola mawu okwera n'kuwaika paokha, otsika paokhanso. Woimba waluso amadziwa zimenezi, ndipo amakonza nyimbo yake kuti womvera aimalize yekha m'mutu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu 2001 atangochokera kophunzitsa ku UCLA ku America. Adatisiyira mfundo yoti chida n'kapolo wa khutu.

Nkhawa yanga ili apa. Lero mnyamata wa pa Mchinji Boma akhoza kupanga nyimbo yonse pa kompyuta, koma akangodalira ng'oma zobwera kale m'makinamo, nyimbo yake idzafanana ndi ya mnzake wa ku Lagos kapena Johannesburg. Pomwe mgugu wa ingoma, kulira kwa mbalule ku dambwe ndi kusinthana kwa minsi pamtondo zikadali pakhomo pake. Foni ili m'thumba mwakeyo ikuposa kutali makina omwe El-Dabh adabwereka. Akhale chete kaye, atchere khutu, kenaka ajambule.