Chaka chomwe sipageti inabereka pa mtengo

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, poti tsiku la mabodza la 1 Epulo limatipeza chaka ndi chaka, lero ndikufotokozereni bodza lina lomwe anthu sanaliiwalebe.

Madzulo a 1 Epulo 1957, kanema wa BBC ku Britain anaonetsa pulogalamu ya Panorama, yomwe inkadziwika ndi nkhani zikuluzikulu, osati nthabwala. Chakumapeto kwake kunabwera kankhani ka mphindi zitatu zokha. Anaonetsa banja lina la ku Ticino, kummwera kwa dziko la Switzerland, likukolola sipageti. Amayi ankathyola timizere take m'nthambi za mitengo, n'kuika m'madengu, kenako n'kuyanika padzuwa.

Mawu ofotokozera ndiwo anamaliza ntchito. Anati chaka chimenecho zokolola zinachuluka chifukwa dzinja silinazizire kwambiri, komanso nankafumbwe wa sipageti anali atatheratu. Anayankhiratu ngakhale funso lomwe munthu wochenjera akanafunsa, loti zimatheka bwanji timizere tonse kukhala totalika mofanana. Yankho lake linali loti alimi anatha zaka zambiri akusankha mbewu. Ndikavomere, yankho limeneli ndimalisirira. Mlimi aliyense wa chimanga angagwedeze mutu kuti n'zomveka.

Anthu pafupifupi 8 miliyoni anaonera, ndipo mazana ambiri anaimba foni ku BBC. Ena anakwiya kuti pulogalamu yolemekezeka ikusewera nawo, koma ena ankafunsa mmene angabzalire mtengo wawo. Awa anauzidwa kuti abaye kamzere ka sipageti m'chitini cha msuzi wa tomato, kenako adikire mwachiyembekezo.

N'kosavuta kuwaseka lero, pamene paketi ya sipageti timaigula pa golosale iliyonse ku Tete kapena ku Lichinga. Koma mu 1957 mabanja ambiri a ku Britain ankangoidziwa ya m'chitini, yophikaphika. Sanaonepo ufa wa tirigu ukukandidwa n'kusanduka timizere. Chachikulu kuposa apa chinali mwini mawu. Amene ankafotokoza anali Richard Dimbleby, mtolankhani yemwe mu 1953 anaulutsa mwambo woveka ufumu Elizabeth II. Munthu wotere akanena kuti sipageti imabereka pa mtengo, iwe ndiwe ndani kuti utsutse?

Zofananazo zinachitika ku Sweden mu 1962. Katswiri wina, Kjell Stensson, anauza anthu pa kanema kuti akakuta galasi la wailesi yawo ya kanema ndi sokosi ya nayiloni, zithunzi zakuda ndi zoyera ziyamba kuoneka za mitundumitundu. Ambiri anakasolola masokosi a amayi m'nyumba. Kanema wa mitundu anayamba kuulutsidwa mokhazikika m'dzikolo mu 1970.

Tibwerere ku sipageti, chifukwa pali mbali yomwe imandikhudza ngati mphunzitsi. Maganizo onsewa anachokera kwa wojambula zithunzi wa Panorama, Charles de Jaeger, yemwe anakulira ku Vienna m'dziko la Austria. Iye anapatsidwa mapaundi 100 okha, n'kupita ku Castagnola, m'mbali mwa nyanja ya Lugano. Kumeneko anavutika ndithu: sipageti yosaphika sinkakolekeka m'nthambi, yophika inkaterereka n'kugwa. Mapeto ake anaifunditsa nsalu zonyowa kuti ifewe pang'ono, ndiye inakhala.

Nanga nzeruyi anaitenga kuti? De Jaeger ankakumbukira mphunzitsi wake wa ku Vienna, amene ankakonda kunyoza ana m'kalasi kuti ndi opusa kwambiri, moti atawauza kuti sipageti imamera pa mtengo akhoza kukhulupirira. Mwanayo anakula, anagwira ntchito, anasamukira kudziko lina, koma mawu aja anali akadali m'mutu mwake pamene ankapachika sipageti m'nthambi ku Castagnola.