Nyumba Yachifumu ya ku Versailles ndi Mabwinja a ku Mbombwe

Ife amene tidazolowera kudutsa pa Nguludi ndi pa Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, tingayese kuti nyumba yachifumu ya ku Versailles, kufupi ndi Paris, ili kutali ndi mbiri yathu. Komatu nyumbayo ikhudza malo awiriwa, ndipo itiphunzitsa m'mene olamulira amaonera zimene anthu wamba amanga.

Versailles idayamba m'chaka cha 1623 ngati kanyumba kofikiramo mfumu Louis XIII pokasaka nyama. Mwana wake, Louis XIV, adayamba kuikuza mu 1661, nasamutsirako likulu la ufumu mu 1682. Amisiri ake, Louis Le Vau ndi Jules Hardouin-Mansart, adatsata kamangidwe kotchedwa baroque, kamene cholinga chake ndi kudabwitsa maso ndi kuwalondolera pa malo amodzi. Misewu itatu ikuluikulu imakumana pabwalo la nyumbayo. Chipinda chogona mfumu chili pakati penipeni, choyang'ana kotulukira dzuwa, pakuti dzuwa ndilo lidali chizindikiro chake. Chipinda cha akalilole n'chotalika mamita 73 ndipo chili ndi akalilole 357. Mlendo aliyense amadziwa popanda womuuza kuti mwini dziko ndi mmodzi.

M'chaka cha 1710 tchalitchi cha m'nyumbayo chidadalitsidwa. Chaka chomwecho, ku Pontchâteau, wansembe wosauka, Louis-Marie Grignion de Montfort, adali kutsiriza Kalvario: chulu chachikulu chimene alimi adaunjika ndi manja awo mosalipidwa, naimikapo mitanda. Mfumu idamva kuti chuluchi chingasanduke linga la adani, Angerezi, ndipo idalamula kuti chigwetsedwe. Mwini wa Versailles adaopa mulu wa dothi, chifukwa anthu ochuluka adaumanga pamodzi osayang'ana kwa iye.

Ana a Montfort yemweyo ndiwo adafika ku Nzama mu 1901, natsegula mishoni ya Nguludi mu 1903. Pafupi pomwepo, ku Mbombwe, Mbusa John Chilembwe adali atayambitsa Providence Industrial Mission mu 1900. Tchalitchi chake chachikulu cha njerwa zootcha chidatha mu 1913. Sichidali ndi golide ngakhale akalilole, komabe m'dera limene anthu ambiri adali kugwira thangata m'minda ya Azungu, chidaonetsa poyera kuti munthu wakuda angathe kumanga nyumba yolimba ndi kuiyendetsa yekha.

Zimene zidatsatira n'zowawa mbali zonse. Nkhondo ya Chilembwe idabuka pa 23 January 1915. Patapita masiku owerengeka anthu ake adatentha mishoni ya Nguludi, navulaza kwambiri Bambo Swelsen. Asilikali a boma atalanda Mbombwe adaphulitsa tchalitchi chija ndi mabomba, chonsecho eni ake adali atabalalika kale. Chimene boma lidafuna kufafaniza ndi umboni umene zipupazo zidali kupereka.

Sitiiwala moto wa pa Nguludi, ndipo sitiyenera kuuchepetsa. Koma ife amene tidalandira chikhulupiriro kudzera mwa ana a Montfort tiyenera kukhala oyamba kumvetsa chisoni cha ku Mbombwe, poti woyera mtimayo adaona ntchito ya anthu ake ikugwetsedwa ndi lamulo la boma. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika: mu October 1789 khamu la anthu lidatulutsa banja lachifumu mu Versailles, ndipo lero nyumbayo ndi malo oonetserako zakale. Kalvario ya ku Pontchâteau idamangidwanso mu 1821, ndipo Dr Daniel Malekebu adatsegulanso mishoni ya ku Mbombwe mu 1926.

Tsono pamene tikuyala maziko a matchalitchi ndi nyumba za ansembe, tidzifunse kuti adzaumba njerwa ndani, ndiponso kuti misewu yake idzalondolera anthu kwa yani.