Madzi Akatayika Saoleka: Makobidi Akale ndi Mkangano wa Kuwakwecha

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, nyumba yakale ikamagumulidwa kapena sutikesi ya malemu agogo ikamatsekulidwa, nthawi zina mumapezeka kachitini kapena kansalu komanga mfundo, m'kati muli makobidi akuda bii. Mdzukulu woleredwa bwino amathamangira phulusa, mchenga ndi ndimu, pakuti adaphunzitsidwa kuti chiwiya chakuda chimachititsa manyazi mwini nyumba. Mwambo umenewu ndi wabwino pa poto ndi pa mbale. Pa khobidi lakale ndi wowononga, ndipo kumaiko a kutali nkhani ya kudetsedwa ndi kukwechedwa kwa makobidi yakhala ikukanganitsa anthu ophunzira kwa zaka zambiri.

M'mene makobidi adafikira kumapiri

Makolo a kuderali ankasinthanitsa katundu ndi nsalu, mikanda, makasu, mchere ndi mbuzi. Ndalama zachitsulo zidabwera ndi zinthu zitatu: mishoni, msonkho ndi ulendo wokagwira ntchito kunja. Mishoni ya Mvera idakhazikitsidwa m'chaka cha 1889 m'dziko la mfumu Chiwere ndi abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ndipo ya Kongwe idatsatira mu 1894 pansi pa Robert Blake. Boma la atsamunda lidaika msonkho wa nyumba, umene m'zaka za m'ma 1890 unali masheleni atatu. Munthu wosowa ndalamayo ankayenera kukaigwirira ntchito kuminda ya azungu ku Blantyre ndi Zomba, ndipo pambuyo pake ambiri adalowera ku Southern Rhodesia ndi kumigodi ya ku Johannesburg. M'zaka za m'ma 1920 ulimi wa fodya wochiza ndi utsi udafala ku Dowa ndi Lilongwe, ndipo ndalama zidayamba kulowa m'nyumba za alimi wamba.

Ndalama zoyambazo zinali za ku Britain, zokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria ndi mafumu amene adamutsatira. Kufikira 1919, mwa magawo 1,000 a sheleni, 925 anali siliva. Kuyambira 1920 siliva adatsika kufika pa theka, ndipo mu 1947 adachotsedweratu, m'malo mwake mudalowa mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Southern Rhodesia idayamba kutulutsa ndalama zake mu 1932, ndipo zidayendanso mu Nyasaland. Mu 1955 mudabwera za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland: khobidi lobooka pakati la njovu ziwiri, tiki wa duwa, sheleni ya mphalapala, ndi ndalama ya masheleni awiri ya nkhwazi itagwira nsomba. Khobidi lobookalo anthu ankalitunga pachingwe kuti lisatayike.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, padatuluka ndalama za nkhope ya Dr. Hastings Kamuzu Banda: sikisipensi ya tambala, sheleni ya zisononkho za chimanga, ndi ya masheleni awiri ya njovu ndi mwana wake. Mu 1971 kwacha ndi tambala zidalowa m'malo mwa paundi, sheleni ndi peni. Paundi imodzi idasanduka makwacha awiri, sheleni idasanduka matambala 10. Makobidi amene sadapite kukasinthidwa ndiwo adatsalira m'zitini ndi m'madenga mpaka lero.

Chimene chimadetsa khobidi

Kuda kwa khobidi lakale si litsiro longomatirira pamwamba. Ndi chitsulo chenichenicho chimene chasandulika. Siliva akakumana ndi sulufule wopezeka mumpweya, muutsi ndi m'mapepala ena, amayamba kuoneka wachikasu, kenaka wobiriwira ngati khosi la njiwa, pomaliza wakuda. Mkuwa umachoka pa kufiira n'kukhala wodera ngati dothi la kudambo. Khobidi limene lidakhala zaka 60 patsindwi la khitchini lidamwa utsi wa nkhuni tsiku ndi tsiku, ndipo mtundu wake ndi umboni wa kumene lidagona.

Pali chinanso. Ndalama ikamasulidwa, chidindo chimaimenya mwamphamvu kotero kuti chitsulo chimayenderera n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso. Timizereti ndito timapatsa ndalama yatsopano kuwala kwake kozungulira. Mchenga ndi phulusa zimafafaniza timizereto n'kusiya zokanda zambirimbiri. Ndimu imadya khungu la mkuwa n'kuusiya wotuwa mofiirira. Khobidi lokwechedwa limanyezimira ndithu, koma katswiri akaliika pansi pa galasi lokuza zinthu amangoona mabala. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mkangano wa kutsidya la nyanja

Nzeru imeneyi sidakhalepo kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1800, ngakhale akatswiri osunga ndalama zakale ku Ulaya ndi ku America ankazipukuta ndi mankhwala kuti ziwale. Mmodzi mwa iwo, J. Sanford Saltus wa ku America, adafera mu hotela ku London mu 1922 atamwa mankhwala akupha a cyanide amene ankatsukira ndalama zasiliva, ndipo zimanenedwa kuti adasokoneza tambula ya mankhwalawo ndi ya chakumwa chake. Pang'ono ndi pang'ono maganizo adasintha, mpaka khungu losakhudzidwa lidayamba kulemekezedwa kuposa kuwala.

Mu 1949 William Sheldon adakonza muyezo woyambira pa 1 kufika pa 70 wosonyeza m'mene khobidi lasungikira. Malonda atakula ku America, padabadwa makampani oweruza ndalama: PCGS mu 1986 ndi NGC mu 1987. Munthu amatumiza khobidi lake ndi malipiro, akatswiri amaliunika, amalipatsa nambala, n'kulitsekera m'kabokosi ka pulasitiki. Likapezeka kuti lidakwechedwa silipatsidwa nambala. Amangolemba kuti ndi lenileni koma lidatsukidwa, ndipo mtengo wake umagwa kwambiri.

Apa ndi pamene osunga ndalama amatsutsana ndi oweruzawo, ndipo madandaulo awo ndi atatu. Loyamba likukhudza mitundu. Popeza siliva wa mitundu yokongola adayamba kugulidwa pa mtengo wokwera, akathyali adaphunzira kumudetsa dala ndi kutentha kapena ndi mankhwala a sulufule. Koma sulufule wa mu enivelopu ya zaka 50 ndi sulufule wa m'botolo ndi mmodzi yemweyo. Woweruza amadalira diso ndi chizolowezi, motero khobidi limene lidada lokha likhoza kukanidwa ngati lopangira, mwini wake n'kusowa pokadandaula.

Lachiwiri ndi la kusakhazikika kwa chiweruzo. Si zachilendo kuti khobidi lokanidwa lichotsedwe m'kabokosi, litumizidwenso kukampani yomweyo kapena inzake, n'kubwerako ndi nambala yabwino. Osunga ndalama amafunsa kuti, ngati chitsulo sichidasinthe, chasintha n'chiyani? Makampaniwo amayankha kuti nambalayo ndi maganizo a akatswiri, si muyezo wa pasikelo.

Lachitatu ndilo lopweteka. Makampani omwewo amene amatsitsa khobidi lotsukidwa ndi mwini wake, ali ndi nthambi zawo zotsuka makobidi pa malipiro, ndipo ntchitoyo amaitcha kusamalira. Iwo amati amachotsa zokhazo zimene zikuwononga chitsulo, osakanda khungu lake. Odandaula amati malire a pakati pa kutsuka ndi kusamalira amalembedwa ndi yemwe akulandira ndalamayo. Mbali zonse zili ndi mfundo, pakuti ndere yobiriwira imene imamera pamkuwa wokhala pachinyontho imadyadi chitsulo, ndipo kuisiya n'kuononganso.

Chimene onse amagwirizana

Pa mkangano wonsewu, palibe mbali imene imavomereza mchenga, phulusa kapena ndimu. Chiweruzo cha kampani chikhoza kusintha mawa, koma chitsulo chochotsedwa sichibwerera. Madzi akatayika saoleka. Wopeza makobidi akale awagwire m'mbali, osati pankhope, awaike pouma, lililonse palokha, kutali ndi mapepala a pulasitiki ofewa amene amatulutsa mafuta obiriwiritsa mkuwa. Ngati pali dothi, madzi oyera ndi kuumitsa mosakhula n'zokwanira. Lokayikitsa alionetse kwa wodziwa asanachitepo kanthu, pakuti safunsa adadya phula.

Pafunikanso kunena zoona za mtengo. Makobidi a chitaganya ndi a 1964 adasulidwa miyandamiyanda, ndipo ambiri amene adayenda m'misika ya ku Mponela ndi Malomo adaperepeseka. Mtengo wawo ndi wochepa, kawirikawiri wosafika pa malipiro a kampani yoweruza ndi a positi. Mphekesera zakuti khobidi lobooka likhoza kugula galimoto zimangolemeretsa oyendayenda onyenga anthu. Masheleni a siliva a 1946 kubwerera m'mbuyo ndiwo ali ndi kamtengo ka chitsulo chake, ndipo ndi zaka zochepa chabe zimene zili zosowa kwenikweni.

Phindu lalikulu la makobidiwa lili pa zimene amachitira umboni. Sheleni ya Mfumu George V ikhoza kukhala yotsala pa msonkho, kapena pa malipiro amene mwamuna adabwera nawo kuchokera ku Joni. Tiki akhoza kukhala wa chopereka cha ku Kongwe, kapena wofupira namwali pachinamwali. Zimenezi palibe kampani ya ku Florida kapena California imene ingazilembe pakabokosi. Wozidziwa ndi gogo amene akali moyo, ndipo ntchito ya mdzukulu ndi kukhala naye pamphasa, kumufunsa mwini khobidilo, kumene adalipeza ndi chifukwa chimene adalisungira, n'kulemba mayankhowo papepala losungidwa pamodzi ndi khobidilo, chikhalire chakuda monga lidapezekera.