Mchape

Mchape ndi dzina la mankhwala akumwa komanso mwambo woyeretsa anthu ambiri nthawi imodzi, umene wakhala ukubuka, kuzilala ndi kubukanso m'Malawi ndi m'maiko oyandikana nawo kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Dzinali likuchokera ku mawu oti "kuchapa". Poyamba mchape unali wochotsa ufiti m'midzi, koma pamene unatchukanso mu 1995 m'boma la Machinga, anthu ankaumwa pofuna kuchira matenda a Edzi. Boma la Machinga pa nthawiyo linkaphatikizapo dera la Balaka, limene linakhala boma palokha mu 1998.

Chiyambi

Kale milandu ya ufiti inkaweruzidwa ndi mwabvi. Mu 1911 boma la atsamunda la Nyasaland linakhazikitsa lamulo loletsa mwabvi ndi kutchula munthu kuti ndi mfiti. Anthu ambiri anaona ngati lamuloli lateteza afiti, ndipo midzi inatsala yopanda njira yothanirana ndi imfa zokayikitsa.

Mchape woyamba unachokera ku Mulanje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo mbiri imautchula pamodzi ndi sing'anga wotchedwa Kamwende. Anyamata ovala zachizungu ankayenda nawo mudzi ndi mudzi. Akalandiridwa ndi mfumu, ankaimika anthu onse pamzere, kuwayang'ana pagalasi, ndi kulamula kuti aliyense atulutse nyanga ndi zithumwa zake. Kenako mudzi wonse unkamwa mankhwala ofiirira. Chikhulupiriro chinali chakuti womwayo watetezedwa, koma akabwerera ku ufiti adzafa. Mwambowu unafika ku Northern Rhodesia, ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Audrey Richards, amene anauona pakati pa Abemba mu 1934, analemba za iwo mu 1935. Patapita zaka zochepa mchape unazilala, chifukwa imfa ndi matenda sizinathe monga analonjezera.

Kuzilala ndi kubwereranso

Mu 1947 kunabuka Bwanali ndi wophunzira wake Mpulumutsi, amene anakoka makamu a anthu ndi uthenga wofanana wotaya mankhwala oipa, wosakaniza ndi chiphunzitso chachikhristu. Max Marwick analemba za gululi mu 1950. Kumpoto, Lighton Chunda, wodziwika ndi dzina loti Chikanga, anatchuka ku Rumphi kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo anthu ankabwera kwa iye kuchokera ku Tanganyika ndi ku Northern Rhodesia. Ntchito yake m'Malawi inaima cha mu 1964. Atakhala zaka zambiri kunja kwa dziko, anabwerera kwawo m'zaka za m'ma 1980 n'kuyambiranso kuchiza.

Nthawi zonse mwambowu ukabwerera, zinthu zina sizinkasintha: mchiritsi ankati mphamvu wazilandira kwa Mulungu kapena kwa mizimu, chithandizo chinali cha gulu osati cha munthu mmodzi, ndipo wolandira ankapatsidwa malamulo oti asunge moyo wake wonse.

Mchape wa 1995 ku Machinga

Billy Goodson Chisupe anali mlimi wachikulire wa m'mudzi wa Chikamana, pafupi ndi Liwonde. Iye ananena kuti mu Ogasiti 1994 analota mizimu ikumuonetsa mtengo umene makungwa ake ndi mankhwala a Edzi, ndipo inamulamula kuti azipereka mankhwalawo kwaulere. Makungwawo ankawaviika m'madzi, ndipo munthu ankamwa kapu ya madzi ofiirirawo. Womwayo ankalangizidwa kusiya chiwerewere, apo ayi mankhwalawo sagwira ntchito.

Mbiri itafalikira kudzera m'manyuzipepala ndi pakamwa, khamu linayamba kukhamukira ku Chikamana kumayambiriro kwa 1995. Ofufuza amayerekeza kuti m'miyezi yochepa anthu pafupifupi 300,000 anakamwako. Ankabwera pa malole, pa mabasi ndi pa magalimoto a kuntchito, odwala ndi osadwala omwe, popeza ambiri ankaumwa ngati katemera. Pamalopo panabadwa msika wa zakudya ndi zinthu zina. Dzina loti mchape linachokera kwa anthu ndi atolankhani, amene anakumbukira mankhwala ofiira a m'zaka za m'ma 1930. Chisupe mwini ankati mankhwala ake ndi madzi a moyo, ndipo sankasaka afiti.

Zimene zinakoka khamuli zikumveka bwino poona nyengoyo. Wodwala Edzi woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985, koma mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda nkhani ya matendawa sinkakambidwa momasuka. Pofika 1995 maliro anali atachuluka, zipatala za boma zinalibe mankhwala olimbana ndi kachilombo ka HIV, ndipo dziko linali litangolowa kumene mu ulamuliro wa zipani zambiri pambuyo pa chisankho cha Meyi 1994, chimene Bakili Muluzi anapambana. Manyuzipepala atsopano ankalemba zimene kale sakanayerekeza. Boma linapanikizika: kuletsa mchape kukanaoneka ngati nkhanza za ulamuliro wakale, pamene kuuvomereza kukanasokoneza uthenga wa kapewedwe. Chisupe ndi akuluakulu a zaumoyo sanamvane pa nkhani yoyesa mankhwalawo. Chaka chisanathe khamu linachepa kwambiri, anthu ataona kuti amene anamwa akupitirirabe kudwala ndi kumwalira.

Peter Probst ndi Matthew Schoffeleers, aliyense payekha, anasindikiza kafukufuku wa nkhaniyi mu 1999. Onse anaona kuti ulendo wa ku Chikamana sunali wofuna mankhwala okha, koma unalinso njira imene anthu anasonyezera poyera mantha awo pa mliri umene unakhala nthawi yaitali osatchulidwa dzina.

Zimene a zaumoyo amanena

Palibe umboni wa sayansi wosonyeza kuti mchape unachiza kapena kuteteza munthu ku HIV. Choopsa chachikulu cha mankhwala otere n'chakuti womwa amadziyesa wochira kapena wotetezeka, n'kusiya kudzisamala. Mu 2004 boma la Malawi linayamba kupereka kwaulere ma ARV, amene sapha kachilombo koma amakafooketsa munthu akamamwa tsiku ndi tsiku.

Ngakhale zili choncho, chiyembekezo cha kapu imodzi yochiza zonse sichinathe m'chigawo chino cha Africa. Mu 2011 m'busa wopuma Ambilikile Mwasapile wa ku Samunge, ku Loliondo m'dziko la Tanzania, nayenso anati walota mankhwala a mtengo, ndipo anthu zikwizikwi anaima pamzere kudikira kapu yake. Madokotala anachenjeza odwala kuti asasiye mankhwala a kuchipatala. M'Malawi lamulo la 1911 likugwirabe ntchito, choncho kusaka afiti monga ankachitira a mchape oyambirira ndi mlandu.