Mzera wa Hartley ndi chitupa cha agogo

Tauni imene ndinakuliramo, Chegutu, inkatchedwa Hartley mpaka mu 1982. Chaka chomwecho Gatooma, tauni yoyandikana nayo mukamalowera ku Bulawayo, inasanduka Kadoma. Agogo anga aamuna anafa akutchulabe mayina akalewo, ndipo n'chifukwa chake tsiku lina ndinafuna kudziwa kuti Hartley-yo anali yani.

Sindinavutike kumupeza. Henry Hartley anabadwira ku England mu 1815, ndipo anafika ku South Africa ali mwana, m'gulu la Angelezi amene anabwera kudzakhazikika kumeneko mu 1820. Atakula anakhala pa famu yake ya Thorndale, kufupi ndi mapiri a Magaliesberg. Anali wopunduka mapazi, choncho njovu ankazisaka ali pa hatchi. Mfumu Mzilikazi itamulola kusaka kuno, iye anaona maenje akale amene makolo a Ashona ankakumbamo golide. Mu 1866 ndi 1867 anabwera ndi katswiri wa miyala wa ku Germany, Karl Mauch, ndipo mbiri ya golide inawanda mpaka ku London. Mu 1869 anayenda ndi wojambula zithunzi Thomas Baines, amene anapatsa timapiri ta kufupi ndi mtsinje wa Mupfure dzina la Hartley. Mwana wake Willie anamwalira ndi malungo kutchire mu 1870, ndipo manda ake akudziwika mpaka lero. Mwiniwakeyo anamwalira mu 1876, tauni ya dzina lake isanamangidwe n'komwe.

Munthu amene ankangobwera kuno m'chilimwe kudzapha njovu, mzera wake ndinaupeza wonse madzulo amodzi. Agogo anga, amene anakhala kuno zaka zoposa makumi asanu, anasiya pepala limodzi lokha.

Komatu golide amene Hartley analozera ndi yemweyo anaitana agogo. Migodi monga Cam and Motor ku Eiffel Flats, Dalny ku Chakari ndi Golden Valley inkafuna manja ambiri, pamene Ashona ochuluka ankasankha kulima ndi kugulitsa chimanga m'malo motsikira pansi. Eni migodi anayang'ana kumpoto. Mu 1903 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu ankalitcha chibalo. Pambuyo pake boma la Southern Rhodesia linaika malole onyamula anthu osalipira, ndipo anthu a ku Nyasaland anawatcha Ulere. Agogo anachoka ku Dedza ali mnyamata, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, n'kudzera ku Tete kukawoloka Zambezi. Amayi awo anawauza kuti akabwerako akapeza ndalama ya msonkho ndi njinga. Sanabwerere. Kumudzi anthu otere ankawatcha machona.

Pepala lija ndi chitupa chawo. Pali dzina lawo loyamba, dzina la bambo awo limene kalaliki analilemba molakwika, dzina la nyakwawa ndi boma la Dedza. Dzina la amayi awo palibe. Kwa Mchewa, pamenepo ndiye kuti chitupa chinasiya mutu wa nkhani, pakuti kwathu munthu amawerengedwa kuchikazi. Mudzi wako ndi wa amayi ako, ndipo wokuyang'anira ndi malume.

Agogo anakwatira mkazi wachishona wa ku Mhondoro. Kwa Ashona mwana ndi wa bambo, ndipo mtundu wake ndi munda wake zili kuchimuna. Choncho pa mwambo wa Achewa bambo anga kwawo kunali ku Mhondoro, pa mwambo wa Ashona kwawo kunali ku Dedza. Mbali zonse ziwiri zinkawalozera kwina mwaulemu. Mudzi wawo weniweni unali komboni ya pamgodi, ndipo mgodi ukatsekedwa, monga unatsekedwera Cam and Motor mu 1968, mudzi wotere umabalalika.

Boma linadzaonjezera pamenepo. Lamulo la unzika la mu 2001 linati wobadwa kwa makolo ochokera kunja ayambe wakana unzika wa dziko la makolowo. Bambo anga anayenera kukana Malawi amene sanamuonepo, ndipo pa chiphaso chawo panali chilembo A, kutanthauza mlendo. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira kuno kwa makolo a m'mayiko a SADC. Agogo anali atapita kale.

Pa maliro awo panavinidwa gule wamkulu, ndipo a bungwe la maliro la anthu a ku Malawi ndiwo anagula bokosi. Mzera wathu unkasungidwa m'malo ngati amenewa, osati m'mabuku a boma. Chaka chatha ndinakhala pansi ndi azakhali anga ku Rimuka, ku Kadoma, n'kuwafunsa ngati agogo ankatchulako abale awo.

"Iwe, ukanafunsa ali moyo," anatero. Kenaka anayamba kuwerenga ndi zala: amayi a agogo, alongo awo awiri, ndi mwana wamkazi wa mlongo wamkuluyo. Anali mayina anayi, onse a akazi, monga momwe Mchewa amawerengera.

Ndinawalemba kuseri kwa fotokope ya chitupa chija. Pa Khirisimasi ndikukwera basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, njira imene agogo anabwerera. Ndikakafika kwa nyakwawayo, ndikayambira pa dzina la amayi awo.