Kucokera ku Lusaka Kufika ku London: Mmene Masiku Anasandukila Maola

Inu acinyamata a ku Chelstone mumalidziwa bwino phokoso la ndeke zimene zimatsika kulunjika ku bwalo la Kenneth Kaunda. Koma kodi munadzifunsapo kuti makolo athu anali kutenga nthawi yotani pa ulendo wa m'mlengalenga? Tiyeni tione ulendo wa pakati pa Lusaka ndi London, mtunda wa makilomita pafupifupi 7,900.

M'caka ca 1932 kampani ya Imperial Airways inatsegula njila yocokela ku London kufika ku Cape Town, ndipo inayamba ndi kunyamula makalata. Ulendo wonse unali wa masiku 11! Ndeke za nthawi imeneyo sizinali kunyamula mafuta ambili, motelo zinali kutela kawilikawili, ndipo usiku apaulendo anali kugona pansi m'nyumba za alendo. Mbali ina ya ulendowo, ku Ulaya, anali kuyenda pa sitima ya pamtunda. M'dziko lathu lino ndekezo zinali kutela ku Mpika ndi ku Broken Hill, kumene lelo timati Kabwe. Lusaka anali asanakhale likulu; ulemu umenewu anaulandila mu 1935.

Inu a ku Woodlands ndi ku Kabulonga, bwalo lija la City Airport limene mumalipitilila popita m'tauni ndilo linali khomo la mzinda uno. Pamene Ian Smith anapandukila Britain mu 1965, mafuta a galimoto analeka kubwela kudzela ku Rhodesia, ndipo ndeke za Britain, America ndi Canada zinathandiza kubweletsa mafuta m'dziko muno.

Liwilo lenileni linabwela ndi ndeke za jeti. Mu May 1952 ndeke ya Comet inauluka kucokela ku London kufika ku Johannesburg m'maola osakwana 24, ngakhale kuti inaima kasanu panjila. Malo amodzi mwa asanuwo anali Livingstone, osati Lusaka. Bwalo lalikulu la Lusaka linatsegulidwa mu 1967, ndipo dzina la Kaunda linapatsidwa mu 2011.

Funsani atate kapena agogo anu za Nkwazi, muone mmene nkhope zao zidzawalila. Iyi inali ndeke yaikulu ya mtundu wa DC-10 imene Zambia Airways inagula mu 1984. Munthu anali kukwela usiku kuno kwathu, nafika ku London m'mamawa, patapita maola ngati 10. Ngakhale amene sanakwelepo anali kuinyadila, pakuti inali kunyamula dzina la dziko lathu mpaka ku New York.

Koma kunyada sikulipila nkhongole. Kampaniyo inali kutaya ndalama, ndipo mu December 1994 inatsekedwa. Anchito ambili anabwelela kunyumba manja ali m'khosi. Ine ndiona kuti kusasamala cuma kunatilanda cinthu cimene cinatenga zaka 30 kucimanga.

British Airways inapitiliza ulendo wolunjika, koma nayonso inausiya mu 2013. Zambia Airways yatsopano inayamba kuuluka mu December 2021, ndi maulendo apafupi. Motelo mnzanu wa ku Kabwata amene wapeza malo a sukulu ku London amadzela ku Addis Ababa, ku Nairobi, ku Dubai kapena ku Johannesburg, nakhala pa benci kudikila ndeke yaciwili. Nthawi zambili ulendo wake umapitilila maola 13.